William Percival Johnson, Mtumwi wa Panyanja: Zaka 52 za Chikhulupiriro ndi Utumiki

William Percival Johnson anali wansembe wa mpingo wa Anglican amene anatumikira mu Africa zaka 52, kuyambira 1876 mpaka imfa yawo mu 1928. Mwa zaka zimenezi, 46 anazithera m'mbali mwa nyanja ino ya Malawi, n'chifukwa chake mpingo wawo umawatcha Mtumwi wa Panyanja. Dzina lawo limasokonezeka kawirikawiri ndi la Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa boma la atsamunda, amene boma la Mangochi linkatchedwa dzina lake kale lija la Fort Johnston. Amenewa ndi anthu awiri osiyana, ndipo a Johnson anafika kunyanja kuno boma la Angerezi lisanakhazikitsidwe n'komwe.

Anabadwa pa 12 Malichi 1854 ku St Helens, pa chilumba cha Isle of Wight ku England. Anaphunzira ku Bedford, kenako ku University College ya ku Oxford, komwe ankadziwika ndi mphamvu zopalasa bwato pa mipikisano ya ophunzira. Tsogolo lawo linali loyalika kale, pakuti anali atapeza malo mu ntchito ya boma la Britain ku India, ntchito imene anyamata ophunzira a nthawi imeneyo ankailimbirana. Koma ali ku Oxford anamva pempho la Bishopu Edward Steere, amene ankafuna anthu oti akagwire naye ntchito ku Zanzibar ndi kumtunda kwake. A Johnson anasiya za ku India n'kudzipereka, monganso anachitira mnzawo wapamtima wa pa koleji yomweyo, Chauncy Maples. Onse awiri anapita ku Zanzibar mu 1876.

Mishoni imene analowayo inali Universities' Mission to Central Africa, yodziwika mwachidule kuti UMCA. Inabadwa potsatira mawu amene David Livingstone analankhula ku Cambridge mu Disembala 1857. Ulendo wake woyamba unathera m'misozi: Bishopu Charles Mackenzie anakhazika mishoni ku Magomero mu 1861 koma anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo mu 1864 wolowa m'malo mwawo, Bishopu Tozer, anasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar. Komabe mtima wa mishoniyo unatsalira kunyanja. Malamulo ake anali owuma. Wodzipereka sankalandira malipiro koma chakudya, pogona ndi kandalama kochepa kogulira zofunika pathupi, ndipo ankayenera kukhala wosakwatira. A Johnson anasunga lamulo limeneli moyo wawo wonse.

Zaka zoyamba anagwira ntchito pakati pa akapolo omasulidwa, ku Masasi kummwera kwa dziko lomwe lero ndi Tanzania, ndiponso ku Zanzibar komweko. Anadzozedwa unsembe mu 1878. Kumeneko anaphunzira Chiswahili ndi Chiyao, ndipo anamva kuchokera m'kamwa mwa eniake za njira imene anthu ankadutsa ali m'goli kuchokera kunyanja kukafika ku Kilwa.

Mu 1880 anatumizidwa ku Mwembe, likulu la Mfumu Mataka ya Ayao, m'mapiri a chigawo cha Niassa ku Mozambique. Mwembe unali mzinda waukulu pa njira ya malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo chuma cha mfumuyo chinkadalira malonda omwewo. A Johnson anakhala kumeneko opanda mzungu mnzawo, akuphunzitsa ana ndi kulalikira m'Chiyao. Atadwala zilonda za m'manja anayenda wapansi kutsikira kunyanja mpaka kukafika ku Cape Maclear, komwe Dokotala Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anawasamalira. Anthu awiriwa anali a mipingo yosiyana kwambiri pa kapembedzedwe, koma ubwenzi umene unayamba pamenepo sunathe. Mu 1881 zinthu zinasokonekera ku Mwembe. Angerezi anagwira gulu la akapolo a anthu a Mataka kufupi ndi gombe la nyanja yamchere, ndipo mlandu unagwera a Johnson, poganiziridwa kuti ndiwo ankatumiza mauthenga. Nyumba yawo inafunkhidwa, katundu yense anatengedwa, ndipo iwo anabwerera ku Masasi chimanjamanja.

Ambiri akadati basi. Iwo anangokonza ulendo wina, ndipo mu Febuluwale 1882 anafika pa gombe la kummawa kwa nyanja pamodzi ndi wansembe mnzawo, Charles Janson. Mwezi womwewo a Janson anamwalira m'dera la Chia. A Johnson anawaika m'manda n'kutsala ndi anthu ochepa amene anabwera nawo.

Zaka ziwiri zotsatira ndi zimene zinaumba ntchito yonse ya pambuyo pake. A Johnson anayenda wapansi ndi pa bwato m'mbali mwa nyanja, mudzi ndi mudzi, akudya zimene eni mudzi ankadya. Anapeza Anyanja ali pakati pa adani awiri. Kuchokera kumpoto kunkabwera Angoni otchedwa Magwangwara, amene ankathira nkhondo m'midzi. Kuchokera kummwera ndi kummawa kunkabwera ogula ndi kugwira akapolo, ndipo zombo zinkaolotsa anthu kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kupita tsidya la kummawa. Chifukwa cha mantha anthu ankaunjikana m'malinga, m'mabango, pa timiyala ta m'madzi ndi pa zilumba, minda yabwino ili gonere kumtunda. A Johnson anafika mpaka kwa Magwangwarawo kukalankhula ndi mafumu awo. Poyendapo anaona chinthu chimene amishoni ena sanachione msanga, chakuti midzi yonseyi inandandalika m'mphepete mwa madzi, ndipo msewu umene unailumikiza unali nyanja yeniyeniyo. Wansembe mmodzi woyenda wapansi akadatha miyezi kuti aizungulire. Wansembe yemweyo atakhala ndi sitima akadaifikira yonse mobwerezabwereza, malinga m'mudzi uliwonse mutakhala mphunzitsi wachikuda wokhazikika. Maganizo amenewa ndiwo anakhala msana wa utumiki wawo: aphunzitsi a m'dziko momwemo akhale eni ntchito pamudzi, mzungu akhale mlendo wodzayendera.

Mu 1884 anapita ku England kukapempha sitimayo. Analankhulanso ku bungwe la Royal Geographical Society za maulendo awo a kummawa kwa nyanja, dera limene mapu a ku Ulaya anali asanalilembe bwino. Ndalama zinapezeka, sitima inapangidwa m'zidutswazidutswa ndipo inatchedwa Charles Janson. Ku Zanzibar anatengako aphunzitsi odzipereka, mmodzi mwa iwo Augustine Ambali, yemwe anagwidwa ukapolo ali mwana n'kumasulidwa ndi sitima ya nkhondo ya Angerezi. Koma atafika ku Quelimane a Johnson anadwala nthenda yoopsa ya maso ndipo anachita khungu. Anawabweza ku England, kumene madokotala anakwanitsa kupulumutsa kuona pang'ono chabe m'diso limodzi. Sitima imene anailimbikira inalumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire ndipo inaikidwa pamadzi mu Sepitembala 1885 iwo palibe. Chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa chilumba cha Likoma. Mu 1886 a Johnson anabwerera kunyanja. Ntchito yonse imene ikufotokozedwa kuyambira pano inagwiridwa ndi munthu wa diso limodzi losaona bwino, amene powerenga ankachita kuyandikizitsa pepala kumaso.

Kayendetsedwe ka ntchito ya pa sitima kanali kotere. Sitima ikakocheza pafupi ndi mudzi, kabwato kankatsitsidwa n'kupita nawo kumtunda. Mphunzitsi wa pamudzipo ankawalandira ndi kaundula wa ana a sukulu ndi mayina a ophunzira za chikhristu. Munthu sankabatizidwa mwachangu. Ankayamba ali m'gulu la omvera mawu, kenako ankalandira kamtanda kovala m'khosi monga chizindikiro chakuti walowa m'kalasi la ubatizo, ndipo pankapita zaka asanabatizidwe. A Johnson ankafunsa ophunzirawo mmodzimmodzi, kumva milandu ya m'mabanja ndi ya m'mpingo, kuyendera odwala, kupereka Ukaristia m'mamawa, kusiyira mphunzitsi masileti, mabuku ndi malipiro ake, n'kukwera sitima kupita mudzi wina. Pakati pa midzi, sitima ikugwedezeka ndi mwera wa mu Juni ndi Julayi, iwo ankakhala pansi ndi anyamata ophunzira uphunzitsi kapena kumasulira Malemba. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ankadula nkhuni n'kuziunjika pa doko kuti azigulitse, poti moto wa sitimayo unkadya nkhuni zokhazokha. Walira mvula walira matope: sitima imene inafupikitsa mtunda inabweretsanso mavuto ake, pakuti inkafuna amakaniko, zitsulo zochokera kutali ndi ndalama zambiri, ndipo ikawonongeka midzi yonse inkakhala yosayenderedwa. A Maples, amene ankatsogolera ku Likoma, sankagwirizana nawo nthawi zonse pa nkhaniyi. Iwo ankaona kuti likulu lolimba la pa chilumba ndilo lofunika kwambiri. Anzake awiriwa ankatsutsana poyera koma osadana.

Dera lino la kummwera kwa nyanja linawapatsa a Johnson tsiku lina lowawa kwambiri. Mu 1888 anatsika kwa Mfumu Makanjira pamodzi ndi John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain. Anthu a mfumuyo anawagwira onse awiri n'kuwazunza, a Buchanan anavulidwa zovala pagulu, ndipo anawamasula pokhapokha katundu wa m'sitima ataperekedwa ngati dipo. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri zimene ziyenera kunenedwa zonse. Makanjira ankalemera ndi malonda a akapolo, ndipo ankadziwa kuti mishoni ikudana nawo. Koma ankaonanso kuti kumbuyo kwa wansembe kukubwera kazembe, ndipo kumbuyo kwa kazembe kukubwera asilikali. Pa mfundo yachiwiriyi sanalakwitse. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston moyang'anizana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, ndipo nkhondo zolimbana ndi Makanjira zinayamba chaka chomwecho, mmene Captain Cecil Maguire anaphedwa. Mapangano a mayiko a ku Ulaya a 1890 ndi 1891 anagawa gombe la kummawa patatu: kumpoto kwa Ajeremani, pakati kwa Apwitikizi, kummwera kuno ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu kwa Angerezi. Parishi imodzi ya a Johnson inapezeka ili m'maiko atatu. Iwo sanakhale mlendo wokondedwa wa maboma atsopanowo, makamaka m'gawo la Apwitikizi, kumene ankadandaula poyera za nkhanza zimene anthu ankachitiridwa pa msonkho ndi ntchito yokakamiza pansi pa kampani ya Companhia do Niassa.

Dayosizi ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1892. Mu Juni 1895 a Maples anadzozedwa ku London kukhala bishopu wake wachiwiri. Pobwerera anafika ku Fort Johnston, n'kukwera bwato lathanga lotchedwa Sherriff kulowera kumpoto. Usiku wa pa 2 Sepitembala 1895 namondwe anagubuduza bwatolo kufupi ndi gombe la Salima, ndipo bishopuyo anamira pamodzi ndi mmishonale mnzawo Joseph Williams. Thupi la a Maples linaikidwa ku Nkhotakota. A Johnson anataya munthu amene anachoka naye ku Oxford zaka 19 m'mbuyomo. Chaka chotsatira, 1896, anasankhidwa kukhala akidikoni, udindo umene anakhala nawo mpaka imfa. Ubishopu sunawafike. Anatumikira pansi pa mabishopu asanu ndi awiri: Steere, Smythies, Hornby, Maples, Hine, Trower ndi Fisher.

Chikumbutso cha a Maples chinali sitima yachiwiri, yaikulu kuposa yoyamba, ndipo mbiri yake ndi ya kuno kwathu ku Mangochi. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, n'kuphwasulidwa m'mitolo 3,481 kuti inyamulike. Katunduyo anakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire, koma pa mathithi a Shire sitima sizidutsa, choncho zonse zinasenzedwa pamutu kudzera kumtunda. Chinthu chimodzi chokha sichikadatheka kuchiphwasula, ndicho boyila yolemera matani 11. Imeneyi inaikidwa pa ngolo yapadera, ndipo amuna 450 a Chingoni anaikoka ndi zingwe mtunda wa makilomita oposa 100, kukwera zitunda ndi kuoloka makwawa, tsiku lina kungoyenda pang'ono chabe. Mayina a amuna amenewa sanalembedwe pa sitimayo, koma popanda mapewa awo sipakadakhala sitima. Zidutswa zitafika kwa Mponda panabuka vuto lina. Manambala osonyeza kuti chitsulo ichi chilumikizane ndi chiti anali atakwiririka ndi zokutira zoteteza ku dzimbiri, motero amisiri anachita kuyesa chimodzichimodzi. Ntchito inatenga zaka ziwiri, ndipo sitima ya Chauncy Maples, yotalika mamita 38, inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. M'kati mwake munali malo opemphereramo amene ankasandukanso kalasi, ndi malo osamalira odwala.

Sitima ziwiri zinafuna doko lokonzerako, ndipo apa ndi pamene Malindi, m'dera lino la Mfumu Chowe, analowera m'mbiri ya mpingo. Mishoni inali itatsegula malo kwa Mponda mu 1896, pomwe lero pamatchedwa Mpondasi, ndipo posakhalitsa inatsegulanso ku Malindi, komwe kunakhala malo a amakaniko ndi amisiri osula ndi kukonza zitsulo za sitima. Anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja anaphunzira luso la injini kumeneko. Chipatala cha St Martin's chinamera pa mishoni yomweyo. Sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's, imene inachokera ku maphunziro a pa sitima aja n'kukhazikika koyamba ku Kobwe moyang'anizana ndi Likoma, inadzasamukira ku Malindi patapita zaka, ndipo dzina lake likadalipo pa sekondale ya atsikana ya St Michael's.

Kunena zoona, kummwera kuno zokolola za ulaliki zinali zochepa poyerekeza ndi za ku Likoma, Msumba ndi midzi ina ya Anyanja. Chisilamu chinali chitazika kale mizu pakati pa Ayao. Makanjira anachilandira cha m'ma 1870, mafumu ena anatsatira, ndipo chinalukana ndi miyambo ya chinamwali ndi ulemu wa ufumu. Makolo ambiri ankakana kutumiza ana ku sukulu ya mishoni poopa kuti akawatembenuza. A Johnson ndi anzawo ankaona Chisilamu ngati mpikisano, ndipo sanabise zimenezo. Chimene chinakhalitsa kuno ndi ntchito imene sinafunse munthu chipembedzo chake asanathandizidwe. Mayi wa Chisilamu wochokera m'mapiri a Chowe akatsikira ku St Martin's ndi mwana wodwala malungo, akulandira gawo la ntchito imene inayambira pa sitima zija.

Chipatso chachikulu cha njira ya a Johnson chinali anthu amene anawakhulupirira n'kuwasiyira ntchito. Augustine Ambali anakhala zaka zambiri ku Msumba, pa gombe la Mozambique, ndipo anaumba umodzi mwa mipingo yaikulu kwambiri ya m'mbali mwa nyanja. Anadzozedwa udikoni mu 1898 ndi unsembe mu 1906, pamodzi ndi Eustace Malisawa. Yohanna Abdallah, Myao wa banja lachifumu, anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anatsogolera mishoni ya Unangu m'mapiri a Niassa mpaka imfa yawo mu 1924. Ndiwo analemba buku la mbiri ya Ayao lotchedwa Chiikala cha Wayao, lofalitsidwa mu 1919, limene ofufuza mbiri amaligwiritsabe ntchito. Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, dera lomwe lija a Janson anafera. Anakhala dikoni mu 1902, anagwira ntchito ku Nkhotakota ndi ku Lungwena, kumpoto kwa Malindi, anadzozedwa unsembe mu 1909, kenako anapita monga mmishonale ku Msoro m'chigawo cha kummawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Pambali pa mayina odziwikawa panali aphunzitsi ambirimbiri ndi akazi awo, amene ankakhala m'nyumba zaudzu pa malipiro ochepa, kuimba belu m'mawa ndi madzulo, kuphunzitsa ana kuwerenga, ndi kuika maliro a Akhristu sitima ili kutali. Pokumbukira a Johnson n'kofunika kukumbukira kuti masiku ambiri a chaka mpingo unali m'manja mwa anthu amenewa, ndipo iwo ndi mmene ankafunira.

Ntchito ina imene inawadyera zaka zambiri inali yomasulira. Chinyanja cha ku Likoma ndi gombe la kummawa chimasiyana ndi Chichewa cha ku Lilongwe kapena Chimang'anja cha ku Chikwawa, ndipo a Johnson anafuna kuti anthu awo amve Mulungu akulankhula monga amalankhulira iwo pokonza ukonde. Anamasulira buku la mapemphero la mpingo wa Anglican ndi mabuku a m'Baibulo limodzi ndi limodzi, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda ndi amishoni anzawo. Zambiri zinkasindikizidwa pa makina a mishoni ku Likoma. Baibulo lonse m'Chinyanja chimenechi linatuluka mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Kumasulira kwawo kunali ndi zofooka. Ankamamatira kwambiri ku kalembedwe ka Chihebri ndi Chigiriki, moti ziganizo zina zinkatuluka zolimba, ndipo anzawo anachita kuzisalaza. Baibulo lawo silinafale m'dziko lonse monga Buku Lopatulika, chifukwa chilankhulo chake chinali cha dera limodzi. Komabe pa mibadwo ingapo ya Akhristu a ku Likoma, Chizumulu, Nkhotakota ndi gombe la Mozambique, mawu a Mulungu oyamba kuwamva anali a m'buku limeneli. Mu 1911 yunivesite ya Oxford inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaumulungu pozindikira ntchito yomasulirayi.

Za khalidwe lawo, amene anakhala nawo anasiya umboni wogwirizana. Anali munthu wa pemphero, wodzikana, wosasamala za chakudya, zovala kapena pogona. Analinso munthu wovuta kugwira naye ntchito. Thupi lawo sankalimvera chisoni, ndipo ankayembekezera kuti ena achite chimodzimodzi. Oyendetsa sitima ndi amakaniko ankavutika nawo, chifukwa iwo ankaona mudzi umene ukudikira Ukaristia pomwe mmisiri ankaona injini yofuna kupuma. Pa mwambo wa mpingo anali okhwima, ndipo Mkhristu wolakwa ankakhala nthawi yaitali kunja kwa mgonero asanabwezedwe. Zimenezi siziyenera kubisidwa pofuna kukometsa mbiri. Kuuma mtima kumene kunawabweza kunyanja ali osaona bwino ndi komweko kumene kunkalemetsa anzawo. Chimene chinkachititsa anthu kuwapirira n'chakuti sankasenzetsa munthu katundu amene iwo sanamusenzepo, ndiponso kuti ankakhala pamphasa ndi anthu n'kumva nkhani zawo m'chilankhulo chawo, pa nthawi imene azungu ambiri ankalankhula ndi munthu wakuda ataimirira pakhonde.

Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma, chomangidwa kuyambira 1903 pamalo otchedwa Chipyela pomwe kale ankawotcherapo oganiziridwa ufiti, chinapatulidwa mu 1911. Ndi nyumba imene alendo amaidabwa mpaka lero, koma moyo wa a Johnson sunali wa m'nyumba zotere. M'zaka zawo zomaliza analowera kumpoto, ku gombe limene linali la Ajeremani, n'kuyamba kuphunzira zilankhulo zatsopano monga Chimpoto ndi Chimanda ndi kumasuliramo zigawo za Malemba, ali ndi zaka zimene anzawo anali atapuma kale. Nkhondo ya 1914 inasokoneza ntchito yonse. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Angerezi ya Guendolen inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lomwe ndi Liuli, ndipo mfuti ya Guendolen ikuonekabe pa boma la Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Boma linatenga Chauncy Maples kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo. Nkhondo itatha a Johnson anakhazikika ku Manda, akuyendera midzi ya m'mapiri ndi ya m'mbali mwa madzi. M'nyengo imeneyi analemba mabuku awiri a Chingerezi, Nyasa, the Great Water la 1922, lofotokoza moyo wa anthu a kunyanja, ndi My African Reminiscences la 1924, lokamba za zaka zawo zoyamba mpaka 1895. Anasonkhanitsanso miyambi ya Chinyanja n'kuisindikiza.

Anadwala ali pa ntchito, ndipo anawatengera ku Liuli, komwe anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ali ndi zaka 74. Anaikidwa komweko, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Akhristu a m'deralo amawalemekeza ngati woyera mtima ndipo amapita kumanda awo kukapemphera, ndipo tsiku la 11 Okutobala ndi limene mpingo wa Anglican umawakumbukira. Mbiri ya moyo wawo inalembedwa ndi wansembe mnzawo B. H. Barnes m'buku la Johnson of Nyasaland, lofalitsidwa mu 1933.

Sitima ya Chauncy Maples inapitiriza ntchito ya mishoni mpaka 1953, pamene inagulitsidwa n'kusanduka yophera nsomba. Mu 1967 boma la Malawi linaigula n'kuikonza kuti izinyamula anthu ndi katundu, ndipo italeka kuyenda inakocheza ku Monkey Bay. Cholinga chachikulu cha a Johnson, cha mpingo wotsogozedwa ndi eni dziko, chinachedwa kukwaniritsidwa kuposa mmene chinayenera, pakuti mishoni inapitiriza kusunga maudindo akuluakulu m'manja mwa azungu kwa zaka zambiri iwo atamwalira. Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, Josiah Mtekateka wa ku Likoma, amene anatumikiraponso m'dera la kummwera kwa Tanganyika kumene a Johnson anathera moyo wawo, anadzozedwa mu 1965, ndipo mu 1971 anakhala bishopu wa dayosizi ya Lake Malawi. Mipingo ya Malindi, Lungwena ndi Mpondasi lero ili mu dayosizi ya Upper Shire, imene inakhazikitsidwa mu 2002 ndipo likulu lake lili ku Malosa.